Chithunzi Changa ndi Mfuti ya ku Manassas

Linali Lachinayi, 3 koloko masana, pamene ndinavomera kupita ku America. Ndinali kuseri kwa nyumba ndikusambitsa Lute, mwana wanga wa zaka ziwiri, mlamu wanga akundiwerengera kalata, poti ine sukulu ndinalekezera sitandade 3. Amuna anga ankayendetsa galimoto ku ofesi ya kazembe ku Washington. Analemba kuti ndibwere, koma mwana atsale kaye ndi amayi. Ndinati chabwino, kenako ndinalira.

Kumeneko ndinapeza ganyu wokolopa ndi kusita ku Manassas, kwa Mayi Helen, mzungu wamasiye wa imvi mutu wonse. Ndalama ndinkatumiza kwathu ku Mchinji, yankho nkumabwera patatha mwezi wathunthu. Chizungu chinkandivuta, manyazi nawo ndinabadwa nawo. Masiku ena dzuwa linkalowa ndisanalankhule ndi munthu.

Tsiku lina ndinawapeza kukhitchini atayala thaulo patebulo, pamwamba pake pali mfuti ya m'manja. Ndinabwerera chambuyo. Abambo anga anali ndi mfuti ya gogodera yothamangitsira nguluwe kumunda, ndipo tinakula tikudziwa kuti mkazi akaikhudza imasukuluka, nkuyamba kuphonya. Ngakhale posesa, pansi pamene inkapachikidwa ndinkapalambalala.

"Esnati, gwira apa, zala zanga zakana," anatero Mayi Helen.

"Ndiiwononga, mayi. Ndine mkazi."

"Nanga ine ukundiona ngati ndani? Gwira."

Ndinagwira. Inali yolemera kuposa mmene inkaonekera, chitsulo chake chakuda chonyezimira, chogwirira cha mtengo chitasalala pamene pankakhala chala chawo. Pakati inali ndi kagudumu ka mabowo asanu ndi limodzi olowetsamo zipolopolo. Anandiuza kuti fakitale inasiya kalekale kupanga mtundu umenewo. Kasipulingi kakathyoka, ankachita kulembera makalata madala ena akutali kufunsa ngati ali nako. Nchifukwa chake ankaisamala ngati mwana wobadwa masiku asanakwane. Mpaka lero ndikamva fungo la mafuta a makina osokera, ndimaona thaulo lija.

Loweruka anayamba kunditenga kumalo awo owomberako. Sankawombera nyama ayi, koma pepala lojambulidwa mizere yozungulira, pakati pali pakuda. Mayi aja, zala zopindika ndi nyamakazi, ankaima chammbali, dzanja limodzi m'thumba, nkuika zipolopolo zonse pakuda paja. Amuna amphamvu zawo ankasiya zawo nkumaonerera. Ine anandiphunzitsa kuti chala sichikoka, chimafinya pang'onopang'ono. Ndinkachita ngati ndikuyesa papaya ngati lapsa. Malo aja ndinawakonda chifukwa aliyense amavala zotseka m'makutu. Wamanyazi ndi wolongolola amafanana, pepala ndi limene limanena.

Nyamakazi itakula, anati mfuti ija ikhale yanga, amuna anga nkuyendetsa za mapepala ake. Chaka chachinayi ndinalowa mpikisano wa amayi ndipo ndinakhala wachiwiri. Anandijambula chithunzi nditanyamula mfuti, nditavalanso thalauzi, chimene kwathu masiku amenewo chinali mlandu kwa mkazi. M'makalata amene ndinkalembetsa opita kwathu simunalowe mawu amodzi a zimenezi. Ndinkaopa kuti abambo akamva, adzati mwana wawo wataya mwambo, ndipo m'nyumba mwawo sindidzalowamonso.

Patatha zaka zisanu ndi chimodzi ntchito ya amuna anga inatha. Mayi Helen anali atamwalira. Mfuti sindikanadutsa nayo pabwalo la ndege, choncho ndinaisiya kwa mayi wina wowombera nafe, amene analonjeza kuti sadzaigulitsa. Ndinaipukuta komaliza kawiri konse.

Tili m'mwamba, amuna anga anati, "Amake Lute, paja chithunzi chija ndinawatumizira apongozi."

"Chiti?"

"Cha mpikisano. Nanga munthu apambane ife nkubisa?"

Chakudya cha m'ndege sindinachidye.

Kumudzi Lute anali atatalika, ndipo anandipatsa moni wogwada ngati mlendo. Zinandipweteka, koma mtima unali pa abambo. Tsiku lachiwiri masana anandiitanira m'nyumba, amayi ali pomwepo akusenda mtedza. Ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko. Anatulutsa chithunzi chija m'thumba la jekete, chitapindika m'makona.

"Nangozo, kameneka kamalira kangati usanathiremo wonga wina?"

"Kasanu ndi kamodzi, ababa."

"Ulesi," anatero, akuchiyandikiza kumaso. "Nanga unakhaliranji wachiwiri? Woyambayo anali ndi manja angati?"

Amayi anaseka osadzutsa mutu.

"Musamuvutitse mwana. Muuzeni za nguluwe ija tinadya pa chinamwali chake."

"Nachisale, zimenezo sizotulutsa pabwalo."

"Pano ndi pabwalo? Iwe Esnati, abambo akowa anali m'tulo m'chilindo, mkonono kumveka kutsidya. Nguluwe yalowa m'chimanga, ine ndikanatani? Ndinatenga mfuti nkuiwombera. Ndipo maso awo chiyambireni kuchita nkhungu, ukuganiza mfutiyo amaitsuka ndani?"

Ndinayang'ana amayi, munthu amene anandimenyapo ndi chipande chifukwa chotsamira khoma la mfuti.

"Nanga bwanji munkatiletsa?"

"Munali ana, ndipo inkakhala yothira wonga. Komanso mudzi uli ndi pakamwa."

Abambo anabweza chithunzi m'thumba. Anati thalauzi lokhalo ndilo sanalikonde, ndipo chithunzicho achionetsa kwa anthu awiri okha, atabisa miyendo ndi chala. Ndinatuluka nkukakhala kuseri kwa nkhokwe, ndikuganiza za zaka zonse zimene ndinkalembetsa makalata a nyengo ndi mitengo ya zinthu, chikhalirecho amayi anga akanandifunsa za kagudumu kaja.

M'mawa mwake, anthu atapita kumadimba, ndinapempha amayi mafuta a nsatsi ndi nthenga ya nkhuku. Ndinatseka chitseko, ndinatsitsa gogodera pakhoma, nkuyala chitenje changa pansi.