Chimanga cha Amayi pa Malo a Eni

Pamene ndinkafika ku Kasakatiza, nyumba zinkathera pa mkuyu wa kuseri kwa msika. Kupitirira pamenepo kunali minda ndi tchire. Ndinali mtsikana wongomaliza kumene maphunziro mumzinda wa Tete, ndipo ntchito ndinaipeza pa kaofesi kena kokonza mapepala a makamiyawu, magalimoto akuluakulu a katundu odutsa pamalire kupita ku Zambia. Woyendetsa amabwera ndi mapepala ake, ine ndimaona ngati zolembedwazo zikugwirizana ndi katundu, n'kuzilowetsa mu kompyuta, n'kupita nazo kwa akuluakulu a pachipata. Ntchito yake ndi imeneyo, kuyambira m'mawa mpaka mzere wa makamiyawu utatha, ndipo mzerewo sutha kawirikawiri.

Nditagwira ntchito zaka zitatu ndinapeza malo ku bayiro yatsopano, dera la nyumba zomangidwa kumene, kumene kale kunali minda ija. Ndinamanga nyumba ya zipinda ziwiri, ndinaizunguliza mpanda wa mabuloko, n'kuikapo chitseko chachitsulo, monga ankachitira aliyense. Oyandikana nawo anali aphunzitsi, anamwino ndi apolisi ochokera ku Beira, ku Quelimane, ku Chimoio. Tinkapatsana moni tili pa mota, njinga zamoto zija, wina akuthamangira uku wina uko. Sindinkaona cholakwika. Ndinkanyadira kuti ine mwana wa ku Mwaladzi ndili ndi nyumba ya malata yokhala ndi magetsi.

Bambo anga atamwalira, amayi anatsala okha kumudzi. Miyendo inayamba kuwatupa, ndipo kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi, afunika mankhwala a tsiku lililonse. Mwana wawo ndinali ine ndekha. Ndinapita ku Mwaladzi kukawatenga.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, sanagwirizane nazo. Anati, "Iwe, mayi akowa sanazolowere kukhala mumpanda. Bwanji uziwatumizira mankhwalawo konkuno?"

Ine ndinati kumudzi kulibe wowayang'anira, ndipo akadwala mwadzidzidzi msewu wake ndi wovuta. Amayi anamvetsera tonse awiri, kenako anati, "Ndinachokapo kale pamudzi pano ndi nkhondo. Tsopano ndichokenso ndi miyendo?" Komabe anavomera, poona kuti ndinali pafupi kulira. Anatenga zitenje zawo, khasu, ndi botolo la mbewu ya chimanga cha makolo. Ndinawauza kuti khasulo alisiye, kumene tikupita kulibe munda. Iwo analimangirira kumbuyo kwa mota.

Masiku oyamba ndinkatseka chitseko cha mpanda ndi loko popita kuntchito, kuopa akuba. Tsiku lachitatu ndinawapeza atakhala pa kampando pafupi ndi chitsekocho, akuyang'ana mapazi a anthu odutsa kudzera pa mpata wa pansi. Anati, "Wanditsekera ngati mbuzi." Ndinachita manyazi, ndinawapatsa kiyi.

Atayamba kutuluka, ankakhala panja pa mpanda n'kumalonjera aliyense wodutsa, monga amachitira kwathu, kufunsa za kunyumba ndi za ana. Ambiri sankamva Chichewa. Ankangoti, "Bom dia, vovo," kutanthauza kuti mwadzuka bwanji agogo, osaima n'komwe. Amayi Chipwitikizi sankachidziwa, chifukwa zaka zimene anzawo ankachiphunzira iwo anali kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Madzulo ena tikudya anati, "Kumsasa tinkagona m'matenti ong'ambika, koma munthu ukakhosomola, kukamacha anzako abwera kale kudzafunsa. Kuno nyumba n'zabwino, koma anthu ake ali kuti?"

Pambali pa nyumba yanga panali malo opanda nyumba, ongozikidwa zikhomo zinayi za simenti m'makona. Udzu unali utakula mpaka m'chiuno. Amayi anafunsa mwini wake. Ndinati ndi bambo wina wogwira ntchito ku Tete, ndinamuonapo kamodzi kokha. Anandikakamiza mpaka ndinamuimbira foni. Bamboyo anaseka, nati, "Alime ndithu, andichotsere njoka. Koma ndikadzafuna kumanga, ndisadzamve nkhani."

Amayi anayamba kusosa tsiku lomwelo. Dzuwa la Okutobala likuwotcha, iwo anali kukweza mizere ndi miyendo yotupayo, ndipo ndikawaletsa ankati khasu ndiye mankhwala awo. Mvula yoyamba itagwa anabzala chimanga chija, pakati pake maungu ndi khobwe. Sindinawaonepo osangalala chotero chimwalirire bambo. Amayi ena a ku mbali yakale ya tauni, odutsa popita kotunga madzi, anayamba kuima pamundapo. Mmodzi wa iwo, wa mpingo wa Ziyoni, ankabwera kudzathyola nkhwani, n'kukhala pansi pamzere kucheza nawo mpaka masana. Ndikabwera kuntchito, amayi ankandigwira dzanja kundionetsa mmene chimanga chakulira, ngati sindinachione dzulo lake.

Kumayambiriro kwa Januwale mwini malo uja anandiimbira ndili kuntchito. Anati zipangizo wazipeza, amisiri ayamba mwezi wamawa, ndiwauze amayi. Ndinati chabwino, ndiwauza.

Sindinawauze. Tsiku limenelo ndinawapeza akupalira, akuimba nyimbo ya kutchalitchi, ndipo ndinati ndiwauza mawa. Mawa lake anandiphikira nkhwani wotendera wa m'munda mwawo, ndipo mawu anandikanika. Ndinkadzinamiza kuti anthu ambiri amanena kuti amanga koma osamanga, ndani amayamba maziko mvula ili mkati? Sabata zinatha zinayi ndili chete.

Linali Lachiwiri, chimanga chitamasula ngayaye, tiana take titangotulutsa ndevu. Ndinali ndi oyendetsa makamiyawu asanu ataima pakhomo pa ofesi pamene foni inalira. Anali mwini malo. Anati, "Mana, mlongo wanga, bwerani. Amayi anu aima kutsogolo kwa galimoto."

Ndinakwera mota. Ndinapeza galimoto yodzaza mchenga itaima pamsewu, amisiri atatu atakhala pamwamba pake, ndipo amayi ataima pa mzere woyamba, khasu lili m'manja. Sankakalipa. Ankangonena kuti mwina alakwitsa malo, pano pali chimanga. Mwini malo sanali munthu woipa. Anavula chipewa, ananjuta pamaso pawo, nalankhula Chichewa chake chosakanikira ndi Chinyungwe. Anati, "Amayi, pepani. Ine ndinamuuza mwana wanu mwezi watha."

Amayi anatembenukira kwa ine. "Unkadziwa?"

"Inde, amayi."

Anayang'ananso chimanga chawo. Ine ndinayamba kumupempha bamboyo kuti adikire miyezi iwiri chimanga chikhwime. Anafotokoza kuti amisiri awatenga kutali, simenti wagula kale ndipo iuma ndi chinyontho, komanso mkazi wake ndi ana anayi akupanikizana m'chipinda chimodzi cha eni. Anati angapereke masiku atatu, mwina tipezepo kanthu. Amayi anati, "Masiku atatu chimanga sichikhwima. Tsitsani mchenga wanu, bambo. Koma musachiponde ndi galimoto. Ndidula ndekha."

Analowa mumpanda, anatenga chikwanje, nayamba kudula phesi limodzilimodzi, n'kumaunjika pambali pa msewu. Ndinavula nsapato kuti ndiwathandize. Anati, "Bwerera kuntchito, anthu akukudikira." Foni yanga inali ikulirabe m'chikwama. Ndinavalanso nsapato ndipo ndinabwerera. Pa zonse zimene ndinachita chaka chimenecho, ichi ndi chimene chimandivuta kwambiri kuchikumbukira. Madzulo ndinapeza malo ali mbee, mapesi atatengedwa ndi munthu wina woweta ng'ombe, zingwe za maziko zitakokedwa kale.

Amayi sanandikalipire, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ankaphika, ankasesa, ankamwa mankhwala awo pa nthawi yake. Koma panja pa mpanda anasiya kukhalapo. Mayi wa Ziyoni uja anabwera kawiri, n'kupeza chitseko chachitsulo chotseka. Kugogoda pa chitseko chotero ankaopa, ndipo anasiya kubwera. Tsiku lonse kuseri kwa mpanda kunkamveka mafosholo ndi wailesi ya amisiri. Khoma la nyumba yatsopanoyo litakwera, linatseka dzuwa la m'mawa pa zenera la chipinda chawo.

M'mwezi wa Malichi kunagwa maliro m'bayiro mwathu. Anamwalira mphunzitsi wachinyamata wa nyumba yachinayi kuchokera kwanga. Amayi sankamudziwa, koma atamva kulira anamanga chitenje n'kupita, chifukwa kwathu maliro sayembekeza kuitanidwa. Anakapeza mipando ya pulasitiki ndi anthu osakwana makumi awiri, ambiri atavala za kuntchito, akuyang'ana nthawi. Dzuwa lisanafike pamutu thupi linakwezedwa m'galimoto kupita kwawo ku Quelimane, mkazi wake anakhoma nyumba, anthu n'kubalalika. Amayi anabwera n'kukhala pakhonde osavula mpango kumutu. Nditafika anati, "Kuno munthu amafa ngati wangosamuka. Mwanawe, undiperekeze kwathu."

Ndinazengereza. Ndinati mvula ithe kaye, msewu wa ku Mwaladzi ndi matope okhaokha. Mvula itatha ndinati kuntchito kwachuluka makamiyawu. Iwo sankaumiriza, koma ndinkapeza zitenje zawo zitamangidwa kale mumtolo pakona pa chipinda. Ndinawaperekeza mu Meyi, anthu akukolola.

Apa m'pamene ndinaona china chimene sindinachiganizire. Munda wawo wa kumudzi unali utagona chaka chonse chifukwa ndinawachotsa nthawi yolima, ndipo wa ku Kasakatiza unathera pamsewu. Anabwerera pamudzi pawo opanda ngakhale chitsononkho. Abale ankawatapira m'nkhokwe zawo, uyu lichero, uyu dengu. Ine ndinkatumiza ufa ndi mankhwala pa mota mwezi uliwonse, koma amalume anandiuza kuti mayi ako chimene chikuwadya si njala. Chibwerere kuchokera kumsasa anali asanadyepo chimanga cholima munthu wina.

Ndinapitako kawiri kokha. Ulendo wachiwiri ndinawapeza atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, akusenda mtedza wa amalume. Anali atachepa thupi, koma miyendo inali yotupa kuposa kale. Ndinakhala pambali pawo n'kuyamba kusenda nawo. Patapita nthawi ndinati, "Amayi, za chimanga chija, ndinalakwa."

Anapitiriza kusenda. Kenako anati, "Mwini malo ndi mwini malo, ameneyo sanandilakwire. Chinandipweteka n'chakuti unkadya nane mbale imodzi tsiku lililonse, mawu uli nawo m'kamwa. Ukanandiuza, ndikanachilira chikadali chaching'ono."

Ndinalira. Anandisiya ndilire, kenako anandithira mtedza m'chitenje kuti ndikadye kutauni. Anatinso nyumba yanga ndi yabwino, ndisaisiye, ntchito ndiigwire mwakhama chifukwa bambo anga anavutika kundiphunzitsa. Ndinanyamuka masana omwewo popeza m'mawa mwake ndinkayenera kukhala paofesi.

Anamwalira mu Okutobala, mvula isanagwe. Amalume anati m'mawa umenewo anapita kumunda kwawo kukayamba kusosa, anabwerako akudandaula mutu, nagona pamphasa, osadzukanso. Uthenga unandipeza masana ndili ndi chidindo m'manja. Ndinamaliza mapepala a munthu amene anali patsogolo panga, sindikudziwa chifukwa chake, kenako ndinatuluka kukafuna mota.

Pamaliro panadza anthu ochuluka kwambiri. Midzi yonse yozungulira inabwera, ena pa njinga, ena wapansi kuchokera kutali, ndi amayi okalamba amene anali nawo limodzi kumsasa. Anaimba masiku awiri osalekeza. Ambiri mwa iwo sindinkawadziwa, koma iwo ankandidziwa, ankanditchula ndi dzina la paubwana. Wa ku Kasakatiza panalibe ndi mmodzi yemwe, ndipo sindingawaimbe mlandu, chifukwa kupatula abwana anga panalibe amene ndinamuuza.

Kuntchito anandipatsa masiku asanu. Tsiku lomaliza amalume anandiitanira pansi pa mtengo wa mango. Anati munda wa mayi ako tsopano ndi wako, ndiwe mwana wamkazi wa pakhomo pano, ndipo mvula ili pafupi. Anafunsa kuti ndiuchita chiyani.

Ndinaganiza kwa kanthawi. Ndinati, "Amalume, mupatse amene angaulime. Usagonenso."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndamva. Ndiye kuti iwe sudzabweranso kudzakhala kuno."

Sindinawatsutse. Wa mota anali atafika kale, akundidikira pamsewu. Ndinatsanzika azakhali ndi abale ena, ndinakwera, ndipo tinafika ku Kasakatiza dzuwa likupendeka. M'mawa mwake ndinasita malaya anga a kuntchito n'kupita kuofesi. Makamiyawu anali atafola mpaka kupitirira msika.