Chumuni cha Amalume

Mboni zanga ndi achemwali anga a Nabanda, omwe ali moyo ku Mponela, ndi chifuwa changachi. Dzulo jekete langa linanunkha utsi, ndiye ndinakumbuka amalume.

Iwo anaona pootherapo moto m'nyumba ya ansembe ku Madisi, n'kufunanso pawo. Anaitana mmisiri womanga mabalani a fodya wa chikopa, munthu wodziwa kutsekera utsi mkati basi. Chumuni chinatalika kuposa mtengo wa mango, koma utsi sunadutsemo n'kamodzi komwe.

Nyengo yozizira tinkakhala pabalaza, misozi ili chuchuchu. Ndikulumbira, mphaka wathu woyera anada mpaka anthu ankamuthawa.

"Tsegulani chitseko, ana afa!" ankatero akazi a amalume.

"Kuti anthu aseke? Khalani pansi, Azungu amaotha chonchi," ankayankha amalume.

Ine ndinkayesa kuti olemera amalira madzulo alionse, ndipo ndinkalira monyada.

Akazi awo atatopa anatisamutsira kukhitchini. Amalume anatsala okha, n'kumakwera pamakwerero kukaika zitsononkho zofuka pamwamba pa chumuni kuti odutsa aone utsi.

Ndakula, ndaona amphawi ambiri, koma womvetsa chisoni kuposa munthu wonyamula utsi pamakwerero sindinamuone.