Chingwe cha a Dona Luziya

Ndikakumbukira a Dona Luziya, chimene chimayamba kundifika m'mphuno ndi fungo la mphira wopsa. M'mawa uliwonse, nkhungu ya ku Zóbuè isanachoke m'mapiri, ankakhala pakhonde pawo ndi chubu chakale cha njinga, kuwotcha mpeni pamoto n'kumamata mpira wawo umodzi womwewo, utsi wakuda ukulowa m'nyumba mwathu kudzera pazenera, amayi akutsokomola ndi kung'ung'udza chapansipansi poti panalibe wolimba mtima kudandaula mokweza. Anali aatali kuposa amuna onse a m'dera lathu, ndipo mtima wawo unali wapachala. Mwamuna analibe, mwana analibe. Anali ndi mpirawo ndi mbiri ya Mbaula basi.

Mbaula inali timu ya basiketi ya akazi, ya kampani ya mgodi wa malasha ku Moatize. Dzina lake lenileni linali la Chipwitikizi, lalitali, koma anthu ankangoti Mbaula. Inkasewera mumpikisano wa matimu a m'chigawo cha Tete, ndipo osewera ake ankalandira malipiro mwezi ndi mwezi chifukwa choponya mpira, nkhani imene amayi anga anamwalira asanaikhulupirire. Nkhondo itakula njanji inadulidwa, malasha anangounjikana osapita kulikonse, kampani inasiya timu, atsikana n'kubalalika. A Dona, amene anali mmodzi wa osewerawo, ankawatchula anzawo mmodzimmodzi uku akusenda chinangwa: uyu anafera m'galimoto imene inawotchedwa pamsewu, uyu anakwatiwa ku Mwanza, uyu sakudziwika kumene ali. Ife tinathawira ku Malawi, iwonso chimodzimodzi, ndipo mtendere utabwera tinapezeka tamanga nyumba moyandikana.

Pothawa, anzawo ananyamula mapoto ndi mabulangete. Iwo anadzera kubwalo la timu, n'kuyeza ndi chingwe cha nayiloni chabuluu kutalika kwake kuchokera pansi kufika pamkombero wachitsulo woponyamo mpira, n'kumanga mfundo kuno ndi uko. Izi ine sindinkazidziwa. Loweruka lina, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, amayi anandituma kukawasiyira mchere. Eni ake kunalibe, chingwe chinali pamsomali, ndipo patapata wanga anali ataduka lamba pamene mawa lake kunali Misa. Ndinadula kachidutswa, kotalika ngati kuchokera pachala changa kufika pakati pa mkono, ndinamanganso mfundo bwinobwino, n'kuwaula kumapeto kuti pasaoneke. Kutchalitchi ndinapita ndikunyada.

Patangotha milungu itatu ndinaona chingwe chija chili m'manja mwawo, mudzi wonse utasonkhana kuseri kwa sikola, sukulu yathu ya pamudzi. Anali atagwetsa mtengo wa bulugamu ndi kusulitsa mkombero kuchokera ku zitsulo za galimoto yopsa. A Tomasi, kalipentala wathu, anatulutsa fita yawo yoyezera kuti athandize, koma a Dona anaikankhira kumbali.

"Fita yanuyo inaponyapo mpira kuti? Ichi chinakhudza mkombero wa Mbaula."

Anthu anaseka, a Tomasi anapinda fita yawo, mkombero unakhomedwa pamene panathera mfundo yanga. Ndinadziuza kuti ndiwauza mawa, akakhala kuti adzuka bwino. Koma a Dona sankadzuka bwino kawirikawiri.

Anatisonkhanitsa atsikana asanu ndi anayi kuti tidzutse Mbaula. Makolo athu ankakana, amati nthawi yopalira mbatatesi si yothamangitsana ndi mpira, choncho a Dona ankalawirira ndi khasu lawo kukapalira m'minda ya makolo athu, munda ndi munda, kuti masana atimasule. Manja awo anachita matuza mpaka kusweka. Kaphunzitsidwe kawo kanali kawokawo: ankatimanga nsalu kumaso n'kutiponyetsa tisakuona, kambirimbiri, mpaka mapewa kuwawa. Ankati maso amanjenjemera pagulu, koma dzanja likaloweza siliiwala. Zaka ziwiri tinaloweza, fumbi lofiira lili m'mano, mbuzi zikudutsa pakati pa bwalo. Ine ndi amene ndinaloweza kuposa onse, ndipo anayamba kundikonda, kundisungira nthochi, kunditcha mwana wawo. Apa m'pamene kuulula kunandikanikiratu.

Kenako kunabwera kalata yochokera kwa akuluakulu a mpikisano. Ankalembanso mndandanda wa matimu, ndipo timu iliyonse imene inasowa nthawi ya nkhondo ankaifufuta. Mbaula anaipatsa mwayi umodzi: ikasewere ku Moatize ndi timu yotsiriza pamndandanda, ikapambana ibwerere, ikalephera dzina lichotsedwe. A Dona anawerenga kalatayo katatu, kenako anakhala pansi n'kulira. Aka kanali koyamba kuwaona akulira, ndipo kunali kulira kwa chimwemwe.

Tinatsika phiri pa kamiyau, galimoto yaikulu yonyamula kabichi. Ku Moatize kunali kutentha koti sitinakuzolowere, mphepo ikununkha malasha, njanji itamera udzu. Bwalo linali la simenti yong'aluka, ndipo kunabwera anthu ambiri, makamaka nkhalamba za kumgodi zimene zinkawakumbukira a Dona ali mtsikana. Zinawaimbira m'manja polowa. Ine nditangokweza maso kuona mkombero, ndinazindikira kuti unali pamwamba kuposa wathu wa kumudzi.

Kuthamanga tinkawaposa, kulanda mpira tinkawaposa. Koma aliyense wa ife akaponya, mpira unkagunda mlomo wa chitsulo n'kubwerera, kapena kudutsa pansi osakhudza kanthu. Ndinayesa kuwonjezera mphamvu, mpira n'kupitirira. Dzanja linkabwerera pamene linaloweza. A Dona ankakuwa kuti tisiye kuyang'ana, tikhulupirire manja, ndipo pamene tinkawamvera m'pamene tinkaphonya kwambiri. Nkhalamba zija zinayamba kuchoka imodziimodzi masewera asanathe. Tinagonja moti sindinafune n'kumva zigoli.

Wina aliyense akanakwera kamiyau n'kubwerera. A Dona anapisa m'thumba, natulutsa chingwe chija, nakoka tebulo la olemba zigoli, n'kukwerapo. Anandiitana kuti ndiponde mfundo yapansi. Ndinaiponda. Mfundo yam'mwamba inathera m'malere, osafika pamkombero. Anatembenuka nkhope itasintha, n'kuyamba kukalipira akuluakulu aja kuti akweza mkombero dala pofuna kupha Mbaula. Mmodzi wa iwo, bambo wofatsa wa imvi, anaitanitsa fita, nayeza pamaso pa onse, nawaonetsa kuti muyeso unali wolondola. Iwo anakana. Anthu anayamba kuseka, ena akunena m'Chinyungwe kuti nkhondo inawasokoneza mutu mayiwa. Pamenepo anandiyang'ana ali patebulo pomwepo.

"Anjela, mwana wanga, iwe dzanja lako silinama. Tawauza anthuwa."

Bambo wa imvi uja ankandiyang'ana, anzanga asanu ndi atatu ankandiyang'ana, phazi langa likadali pamfundo.

"Akwezadi, Dona," ndinatero.

Dzina la Mbaula linafufutidwa sabata yomweyo, ndipo a Dona anauzidwa kuti asadzapondenso pabwalo la mpikisano. Tsiku limenelo ndikanalankhula zoona, mwina akanandimenya, mwina akanapepesa kwa akuluakulu aja n'kupempha mwayi wina chaka chotsatira. Mawu anga anatseka njira imeneyo. Atabwerera sanatiitanenso kubwalo. Ankangopita kumunda, kubwerako, kukhala pakhonde. Aliyense wodutsa ankamuimitsa n'kumufotokozera mmene anthu a kutauni anawabera, ndipo pomaliza ankaloza kwathu kuti mboni ndi uyo. Anadwala chifuwa chaka chachinayi, ndipo ndinkawaphikira phala mpaka tsiku lomaliza. Mpata unalipo tsiku ndi tsiku. Ndinkaopa kuti adzafa akudana nane, choncho ndinawasiya afe akudana ndi anthu osalakwa.

Lero ndimakhala ku Moatize, ndimasoka zovala pafupi ndi msika, malori a mgodi akundithira fumbi. Basiketi inabwerera m'tauni muno, matimu atsopano alipo, koma Mbaula palibe anaidzutsa, ndipo sindikuona amene angaidzutse. Ku Zóbuè nkhani imene inatsala ndi yakuti timu yathu inaberedwa, ndipo amaifotokoza ndi ukali anthu amene panthawiyo anali asanabadwe. Chaka chatha mwana wanga wamkazi anaimva kumaliro kumudzi, nabwera kudzandifunsa ngati n'zoona kuti ineyo ndinaona ndi maso anga. Ndinali ndi zaka zoposa makumi anayi, a Dona atagona m'manda kalekale, panalibenso woti n'kundimenya. Ndinamuuza kuti n'zoona.