Dzenje la ababa m'munda wa chinangwa

"Mwanawe, mnansi amakukonda kukakhala bata," anandichenjeza amayi. "Mfuti ikadzalira udzamuona." Ndinali kamtsikana, kwathu ku Majaua, dzinja lina nkhondo ili mkati.

Ababa ankadwala matenda onjenjemera. Dzanja linkagwedera ngati akupeta, khosi lili gwa, mapazi ankachita kukwekweretsa. Koma chimene chinatidanitsa ndi anthu chinali kapumidwe kawo. Mpweya unkalowa ndi kamluzu n'kutuluka mobanika, ndipo akachita mantha unkamvekera patali.

Asilikali akamveka, mudzi wonse unkathawira m'bango kumtsinje. Makanda ankawatseka pakamwa ndi bere. Atambala tinali titadya onse. Nanga ababa akanawatseka ndi chiyani?

"Achemwali, alamuwa atiphetsa," anatero atsibweni. "Munthu kupuma ngati ketulo!"

"Ndiye ndiwakanyange pakhosi, achimwene?" anayankha amayi.

Amuna anakumba dzenje m'munda wathu wa chinangwa, lalitali koma losaya, longa lija tinkabisamo chimanga. Asilikali akamayandikira, ababa ankawagonekamo chagada, n'kuyala mitengo, udzu ndi dothi pamwamba, kusiya kabowo. Mawu a ababa anali atachepa kale, koma ndinkawamva akunong'ona: "Ndikhale tsonga."

"Mukakhala tsonga mutu uonekera, alamu," ankatero atsibweni, akufotsera.

Tsiku lina asilikali anatandala m'mudzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mvula inkawaza, udzudzu ukutidya m'bangomo. Atachoka, ine ndi amayi tinathamangira kumunda. Kamluzu sikankamveka. Titafukula, nyerere zinali zikuyenda pamasaya pa ababa, dzanja lija lili zii pachifuwa. Aka kanali koyamba kuliona litadekha.

Ndinakula ndikukhulupirira kuti ababa anaugwira dala mpweya kuti atipulumutse. Chaka chatha a kuchipatala ku Milange anandiuza kuti nthenda yonjenjemerayi ndi Parkinson. Akuti imaumitsa minofu ya pachifuwa ndi pakhosi, ndipo wodwala akagona chagada malovu ake omwe amamutsamwa. Choncho ababa sanasankhe kanthu, ankangopempha kuti adzutsidwe.

Kuchipatalako ndinapita chifukwa cha dzanja langa. Layamba. Adzukulu amati, "Agogo, kagoneni mupume," ine ndimangowayang'ana. Sindikhulupirira munthu, ngakhale inu, koma mukamadutsa kuno musamangoodira pamsewu. Muzilowa, muone ngati andikhazika tsonga.