A Enoki Obwereka Nkhope

"Iwe Luwiza, nkhope yakoyo ukuchita nayo chiyani? Sungandibwereke?"

Anandifunsa choncho a Enoki Zulu mu 1999, nditasiya sukulu, ndikugulitsa mtedza pa depoti ya pa Boma, pamene panalibe wondiyang'ana kawiri. Ankafuna kuumba chiboliboli cha mtsikana wonyamula buku, choti chikaime pageti la sukulu yatsopano.

A Enoki anabadwira ku mishoni ya Guilleme. Ali mnyamata ankamata zala za ziboliboli za m'tchalitchi zikathyoka, dzanja n'kuzolowera. Ndale za zipani zambiri zitabwera, aliyense anafuna chake choimika: sukulu, mabala a mowa, ngakhale kumanda. Simenti ankakatenga okha ku Chipata panjinga.

Koma nkhope sankazipeka ayi. Ankagoneka munthu chagada pamphasa, kumulowetsa timabango m'mphuno kuti azipuma, n'kumumata dongo kumaso konse. Likauma, ankalichotsa n'kuthiramo simenti.

Mayi wa simenti wosenza dengu amene waima m'mbali mwa msewu wa ku Lilongwe ndi nkhope ya a Keziya a kwa Mlonyeni. Makondakitala amamukuwira, "Alamu, tiyeni, mpando ulipo!" Aliyense amamudziwa. Koma chiimireni mayi wa simentiyo, a Keziya enieniwo anthu anayamba kungowadutsa. Amuna awo anawapitirira kuchigayo osapereka moni. Ine ndinawayang'anitsitsa tsiku lina pamsika. Maso alipo, mphuno ilipo, koma nditangotembenuka, ndinaiwala mmene amaonekera.

Ndinawauza zimenezi a Enoki kwawo, masana dzuwa likuswa mtengo.

"Zakumowa zimenezo, mwanawe," anaseka. "Woyamba kumatidwa dongo ndinali ine ndemwe. Suyo pakhomopo? Nanga ineyo ndasowa?"

Pakhomopo panaima mwamuna wa simenti, wa chipsera pachibwano, womwetulira ngati akufuna kundifunsa za kwathu. Ndinacheukira a Enoki. Apa m'pamene ndinazindikira kuti nthawi yonseyi ndinkawadziwira buluku lotuwa ndi manja osweka basi.

"Anthu adzakuona mpaka kalekale," anatero. "Mvula, dzuwa, iwe uli pompo ndi buku lako."

Ndinabwerera ku depoti. Basi inafika, anthu anagula mtedza maso ali pa mtedzawo, n'kumapita.

Ndinatsimikiza mtima kuti Loweruka ndipita kwa a Enoki akandimate dongo. Koma ndiyamba ndakajambulitsa kwa wakamera wa pamsika, chithunzicho ndikawasiyire amayi.