Alamu Anga Ankaopa Dzuwa

Alamu anga anali kalipentala mpaka imvi zitayamba, kenako anawalemba ntchito ku labotale yoyeza mitengo yakalekale. Munthu wozolowera sowo anamupatsa kalezala! Ankasenda mizere yozungulira ya mkati mwa mtengo umodziumodzi, poti mzere uliwonse ndi chaka chimodzi. Ife tinkawaseka kuti ayamba kumeta ndevu mitengo.

Vuto lawo linali kufunsa. Mayi wasayansi amene ankawayang'anira anawafotokozera kuti kumwambaku kumabwera tinthu tosaoneka tochokera kutali. Tinthuti tikamenya mpweya timapanga kaboni wa mtundu wina, ndipo mitengo imamusunga m'mizere muja. Dzuwa likamatakataka limatitchinga, kaboniyo amachepa; likafatsa amachuluka. Koma mwa apo ndi apo limaphulika moopsa n'kulavula lokha tinthu totere, kaboni n'kukwera m'chaka chimodzi.

"Nanga litaphulika choncho lero?" alamu anafunsa.

"Magetsi akhoza kuzima m'mayiko ambiri, mwina kwa miyezi," mayiwo anayankha uku akutakasa tiyi.

Sankadziwa kuti akazi awo a alamu, amene ndi achemwali anga, ankapumira makina a okosijeni olumikiza pa soketi ya kumutu kwa bedi.

Tsiku lina makina a ku labotale anapeza chaka choterocho, chimene dzuwa linaphulika, m'thabwa limene alamu anasenda okha. Madzulo alamuwo anandipeza ndikuchapa pakhonde pawo.

"Mlamu, mzerewo ndauona. Ulibe chipsera, sunapse, ndi wofanana ndi anzake. Chinthuchi chimabwera osagogoda."

Ndinaseka. Kuyambira pamenepo bambo aja anasintha. Mawa lililonse ankatuluka n'kusuzumira kumwamba atatchinga maso ndi chipewa, ngati munthu woyang'ana galu wa aneba ngati ali womangirira. Wailesi ikangotchula dzuwa, aliyense ankayenera kutseka pakamwa. Sabata ina inalengezadi kuti dzuwa lavuta ndipo mafoni akhoza kusokonezeka. Alamu anasiya kudya.

Kale magetsi akazima sankachedwa: ankalumikiza kasilinda kapadera ka okosijeni, n'kuthamangira kwa aneba a galimoto, ulendo wa kuchipatala. Loweruka la sabata imeneyo magetsi anazima masana. Alamu atayang'ana foni, netiweki palibe.

Ine ndinafika dzuwa litapendeka. Makatani anali otseka, chitseko chokhoma. Kuchipinda ndinapeza kasilinda katatha, achemwali milomo itachita bii, chifuwa chikukoka ngati pampu yoboola. Alamu anali atagwada, akuwakupiza ndi katoni, thukuta lili kamukamu.

"Alamu, mukudikira chiyani? Tiyeni kuchipatala!"

"Chipatala chake chiti, mlamu? Chafika chija. Kwazima konse. M'misewu muli chipwirikiti, andifera m'manja panjira."

"Kwazima kuti? Kwa ometa pakona paja makina akulira! Ndi thiransifoma ya mzere wanu uno yapsa!"

Anandiyang'ana ngati ndalankhula chinenero china. Kenako katoni inagwa pansi.

Sindinaonepo munthu wamkulu akuthamanga choncho. Anawabereka achemwali kumsana, ine ndikugwirizira mutu, aneba akuliza galimoto. Njira yonse mashopu anali owala, nyimbo zikulira, ana akugula zoziziritsa kukhosi. Alamu ankangoyang'ana mababu oyaka a m'mashopumo. Ine ndinkachita mantha kukhudza dzanja la achemwali, kuopa kulipeza lozizira.

Anamwino anawalandira mothamanga n'kutitsekera panja. Tinakhala pabenchi. Adokotala atatuluka anavula magalasi, ndipo ndinadziwiratu kuti zatha.

"Pepani, tayesetsa," anatero. "Mukanafika masana omwe aja bwenzi tikunena zina. Bambo, munachedwa kuti?"

Alamu anatembenukira kuzenera n'kusuzumira kumwamba.