Zaka za Achimwene ku Lifuwu

Achimwene anga anabwerera kwathu ku Lifuwu m'nyengo yookera mpunga, atanyamula sutikesi ndi katoni ya mabuku. Sitinkawayembekezera, chifukwa ku yunivesite kumene ankaphunzitsa masamu anali asanatsekere. Ine ndinkaphunzitsa pasukulu ya pulayimale ya kufupi ndi kwathu, ndipo ndinkakhala ndi amayi poti bambo anali atatisiya kale.

"Kwagwanji, achimwene?" ndinawafunsa titalowa m'nyumba.

"Andiuza kuti ndibwere kumudzi ndidzapume," anatero. "Zambiri usafunse. Inenso sanandiuze."

Masiku amenewo munthu sankafunsa kawiri. Pambuyo pake tinamva mphekesera zoti tsiku lina m'kalasi anauza ophunzira kuti m'masamu mulibe wamkulu, ngakhale mwana akhoza kutsutsa nkhalamba ngati ali ndi umboni. Wina anakawatula mawuwo kwa achipani, atathiramo zake. Kaya n'zoona kaya ayi, mpaka lero sindidziwa. Amayi anangoti, "Alhamdulillah, bola wabwera ndi miyendo yake," popeza ena ankatengedwa osaonekanso.

Achimwene anali ataphunzira kutsidya kwa nyanja mpaka kutenga udokotala wa masamu. Anandifotokozera kale kuti kuntchito kwawo kuphunzitsa kokha sikukweza munthu. Kuti lekichala akhale lekichala wamkulu, kenako pulofesa, akuluakulu amayang'ana mapepala a kafukufuku amene wasindikiza m'magazini a akatswiri. Iwo anali atasindikiza angapo, ndipo chaka chimene anawachotsacho ankayembekezera kukwezedwa.

Anayamba kulima puloti ya amayi kusikimu ya mpunga. Manja awo anatuluka matuza, kenako anazolowera. Chimene sanachizolowere ndi anthu. Lachisanu kumzikiti amuna ankaima nawo pamzere umodzi, koma potuluka aliyense ankafulumira kuvala nsapato zake kuti asaoneke akuyenda nawo. Makalata a anzawo akunja poyamba ankafika atatsegulidwa, kenako anasiyiratu kufika. Magazini a masamu sanawaonenso.

Koma ntchito yawo sanaisiye. Ndinkawabweretsera mapepala a mayeso akale a ana asukulu, iwo n'kumalemba kumbuyo kwake. Akapita koingitsa mbalame mpunga ukamacha, ankakhala pamthunzi, chingwe cha zitini kudzanja lamanzere, pensulo kudzanja lamanja. Mpheta zinadya mpunga wathu wambiri zaka zimenezo. Pamapepalapo pankakhala madontho olumikizidwa ndi mizere. Ankafuna kutsimikiza kuti chinachake chimene anachiona pamadonthowo chimachitika nthawi zonse, ngakhale atachuluka chotani.

"Nanga si mwayesa kambirimbiri n'kuona kuti zikutheka?" ndinawafunsa tsiku lina. "Chatsalanso n'chiyani?"

"Kuyesa si umboni," anandiyankha. "Ndikufuna chifukwa chake."

Zaka zinapita akufunafuna chifukwacho. Nthawi zina ankakondwa sabata yathunthu, kenako n'kupeza pamene alakwitsa, n'kukhala duu osalankhula. Amayi anafika poganiza zowatengera kwa ashehe kuti akawapempherere. Ndiye tsiku lina m'mawa anabwerako kumunda dzuwa lisanakwere, matope mpaka m'mawondo. Anandipeza ndikutuluka kupita kusukulu.

"Zatheka," anatero, akuseka ngati mwana.

Anakhala miyezi akubwereza, kusaka cholakwika, koma sanachipeze. Anakopera zonse bwinobwino pamapepala oyera. Vuto linali lotumiza. Envulopu yodzaza ndi zizindikiro zosamveka, yochokera kwa munthu wochotsedwa ntchito, kupita dziko lakunja, ikanatha kuwaitanira galimoto ya apolisi pakhomo. Anaisunga m'sutikesi n'kumadikira.

Kenako kunabwera mlendo. Anali mayi wachitsikana amene achimwene anamuphunzitsa kale. Anali atangobwera kumene kuchokera kunja komwe anatenga udokotala wake, ndipo anali atayamba kuphunzitsa ku yunivesite konkuja. Anakwera basi mpaka ku Salima, kwinako anadzera pa matola. Kuchokera tsiku limene achimwene anabwerera kumudzi, uyu anali munthu woyamba wa kuntchito kwawo kuponda pakhomo pathu. Amayi anamuphera nkhuku.

Titadya, achimwene anatulutsa mapepala aja n'kuwayala pamkeka pakhonde. Ine ndinakhala pambali ndikusankha mpunga m'lichero. Mlendoyo anawerenga tsamba loyamba, n'kubwereranso pamwamba. Ndinaona nkhope yake ikusintha.

"Aphunzitsi," anatero motsitsa mawu, "mundikhululukire. Zimenezi zinatuluka kale. Akatswiri ena awiri kunjaku anazisindikiza zaka ziwiri zapitazo. Ndinaliwerenga ndekha pepala lawolo."

Achimwene anasonkhanitsa mapepalawo, n'kuikapo kapu kuti asauluke. Nthawi ya swala, pemphero la masana, inali itakwana, ndiye anadzuka, anakatawaza ndi madzi pokonzekera kupemphera, n'kulowa m'nyumba. Mlendoyo anandiyang'ana misozi ili m'maso.

"Kapena ndikanangokhala chete, amayi?" anandifunsa.

"Akanamvabe," ndinatero, ngakhale mumtima ndinkamuda chifukwa chobwera.

Achimwene atatuluka anakhalanso pamkeka paja, n'kumupatsa mlendoyo pensulo.

"Tandionetsani. Iwowo anadzera njira iti?"

Anakhala pamenepo mpaka nthawi yoti mlendoyo akagwire matola itatsala pang'ono. Ankalemba molandizana, nthawi zina kutsutsana mokweza, moti amayi anasuzumira kuti aone ngati akukangana. Zinapezeka kuti njira zawo zinali zofanana pafupifupi ponse, kupatula pamalo amodzi pomwe akunjawo anazungulira kutali, achimwene n'kudutsa chidule. Mayiyo anapempha kuti atenge masamba a chidulecho. Anawabisa pakati pa nsomba zouma zimene amayi anamupatsa.

Atapita, ine ndinalephera kudzigwira.

"Zaka zonsezi zapita pachabe! Akanakusiyani pantchito, bwenzi dzina lili pamenepo ndi lanu."

"Mwina," anatero. "Koma udziwe kuti ndinkaopa china. Kukhala ndekha kuno, wopanda wondiona zolakwa, ndinkaganiza kuti mutu wanga wasokonekera, ndikungodzinamiza. Lero ndamva kuti anthu amene sitidziwana anafika pomwe ndinafika ine. Ndiye kuti n'zoona."

Ananena bwino, koma zinawapweteka. Chaka chimenecho sanagwirenso pensulo. Nyengo yopha nsomba itatsegulidwa pachilumba cha Mbenji, anapita ndi asuweni athu amene anali ndi bwato, n'kukakhala kumeneko akuthandiza kuyanika nsomba. Anabwerako atada, ataonda, osatchulanso za madontho. Ndinasiya kuwabweretsera mapepala. Mvula itayamba, ndi iwo amene anandifunsa ngati kusukulu kwatsalako ena.

Mayi uja anapatsira mnzake wopita kunja masamba aja, ndipo patapita nthawi anasindikizidwa m'dzina la achimwene. Linali pepala lalifupi kwambiri. Pansi pa dzina la wolemba, pomwe ena amatchula yunivesite yawo, panangolembedwa kuti Lifuwu, Salima.

Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, anawaitananso kuntchito. Anapeza anzawo a msinkhu wawo ali mapulofesa, masamu enieniwo atapita patsogolo, iwo imvi zili mbuu. Anawerenga mwakhama kuti apezane ndi anzawo, ndipo anasindikizanso mapepala pang'ono. Anawakweza kukhala lekichala wamkulu. Atapempha upulofesa, komiti inawerenga mapepala awo n'kunena kuti ndi ochepa. Pafomu panalibe malo olembapo zaka za kusikimu. Sanapemphenso. Mayi uja ndiye anadzakhala pulofesa, ndipo anakhala mkulu wawo pantchito mpaka iwo anapuma. Ankawatchulabe kuti aphunzitsi.

Ine mkwiyo unanditengera nthawi yaitali kuposa iwo. Ndinkawerengera zimene analandidwa, pomwe iwo, ndikaganiza tsopano, ankasamala kwambiri zoti chinthucho ndi choona kuposa zoti wachipeza ndani. Sindikunena kuti dzina sankalifuna. Ankalifuna ndithu, ndinawaona pakhonde paja. Atapuma pantchito anabwerera ku Lifuwu konkuno, ndipo ana a sekondale ankabwera Loweruka kudzawafunsa masamu. Achimwene anamwalira amayi atatsogola kale, ndipo tinawaika pafupi nawo.